Mlamba Wosokedwa Pamimba

Anamwino anabaya nsomba yaikazi jakisoni 5 koloko m'mawa, yaimuna asanaione ndi maso. Pa ntchito yoswetsa milamba palibe kulakwa koposa kumeneko, ndipo iwo ankadziwa bwino lomwe, poti kwa zaka zisanu ndi ziwiri anakhala akuonerera amuna awo akugwira ntchito imeneyi m'chipinda cha kuseri kwa nyumba. Koma anadalira mawu a mlamu wawo, amene analonjeza kuti pofika 10 koloko adzakhala atabweretsa yaimuna kuchokera kudamu la mnzake.

Jakisoni ameneyu ndi wokhwimitsa mazira, ndipo ukabaya sungabwezenso. Pakatha maola khumi mazira amamasuka m'mimba. Pamenepo uyenera kuifinya nsombayo kuti agwere m'mbale, n'kuthira umuna nthawi yomweyo. Ukachedwa ola limodzi kapena awiri, mazira amaonongeka, apo ayi nsomba imangowamwaza m'beseni. Vuto lili kwa yaimuna. Imeneyo ndi youma manja, siifinyika. Kuti upeze umuna wake uyenera kuing'amba pamimba n'kuchotsa timatumba tiwiri toyera, choncho woswetsa aliyense amakhala ndi yaimuna yoti aphe tsiku limenelo.

Amuna awo, amene aliyense ankawatchula kuti a Pulambala, ndi amene anamanga zonse za m'chipindamo: mathanki awiri a simenti, mabeseni anayi pathandala, mgolo wa madzi pamwamba, ndi timapaipi todontheza madzi m'beseni lililonse. Panalibe paipi imodzi yodontha pamalo osayenera. Ndiye miyezi isanu ndi itatu yapitayo anagwa kubafa ndi sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, mawu n'kumatuluka limodzilimodzi ngati akuchita kugula. Mabeseni anauma. Nsomba zinagulitsidwa, kupatula yaikazi imodzi ndi chimlamba chachimuna cha ndevu zazitali, chimene a Pulambala ankachitchula kuti Mdala.

Mdala ndiye ankawadzutsa a Pulambala. Zolimbitsa thupi za kuchipatala anazikana. Alendo akabwera, ankatseka maso kunamizira tulo. Koma 6 koloko ikakwana ankadzikoka pabedi, n'kuyenda kolido yonse akukweza phewa ndi kukhwekhwereza phazi, mpaka kukafika pathanki ya Mdala. Ankaponya timibulu ta chakudya ndi dzanja lamanzere, n'kuima pamenepo kwa kanthawi, kenako n'kubwerera kukagona. Tsiku lonse ulendo unali umenewo basi.

Anamwino anagwira ntchito m'chipatala zaka makumi atatu asanapume, ndipo abambo otembenukira kukhoma anawaona ambiri. Ankadziwa mmene zimayendera. Munthu amasiya kudzuka, zilonda zimayamba m'chiuno, chifuwa chimadzaza, kenako abale amaitanidwa. Zimenezi ndi zimene ankaopa usana ndi usiku. Ndiye anaganiza kuti ngati nsomba imodzi ikuwadzutsa amuna awo kamodzi patsiku, tiana ta nsomba todzaza mabeseni anayi, tofuna chakudya kasanu patsiku, tiwadzutsa kasanu. Sanawauze kanthu. Ankafuna adzangowatengera kuchipindako mabeseni atadzaza kale.

Mlamu wawoyo anali mng'ono wa a Pulambala, woyendetsa njinga yamoto yonyamula anthu. Dzina limene linamukakamira linali Ndafika, chifukwa pafoni ankafika msanga kuposa pamsewu.

10 koloko inakwana, inapita. 12 koloko Anamwino anaimba foni.

"Ndafika, alamu. Ndili pakona pompa."

"Kona yake iti?"

"Iyi ya apa. Muike madzi m'beseni."

Anaika madzi m'beseni. Anapukuta mbale ya pulasitiki mpaka kuuma gwa, anatsuka nthenga ya nkhuku yotakasira mazira, anayala zidutswa za neti ya udzudzu pa timafelemu tathabwa, n'kuziyandamitsa m'mabeseni. Anawapatsa amuna awo chakudya chamasana, anawapukuta pakamwa, anawatembenuza kuti agonere mbali yabwino. 2 koloko anakweza yaikazi ija ndi thaulo lonyowa n'kuisindikiza pang'ono pamimba ndi chala. Timazira tobiriwira tinatuluka tokha, mosavuta. Nthawi inali itakwana kale, maola khumi aja asanathe n'komwe.

Njinga inalira panja itatsala pang'ono 3 koloko. Ndafika analowa ndi chidebe atachikumbatira, thukuta lili kamukamu, nkhope ili ngati wabweretsa mphatso ya ukwati.

"Ndakusankhirani chachikulu kuposa zonse, alamu. Chibambo chenicheni. Anthu atatu tinachita kulimbana nacho."

Anamwino anaitulutsa nsombayo, anaiphimba kumutu ndi thaulo, anaitembenuza chagada. Yaimuna imakhala ndi kansonga kakatali pansi pa mimba. Apa panalibe kansonga. Panali pobulungira, pofiira, ndipo mimba inali yofewa.

"Alamu, munaitembenuza nsomba imeneyi?"

"Kuitembenuza bwanji?"

"Iyi ndi yaikazi."

"Sizingatheke. Taonani ndevuzo."

"Ndevu ali nazo onse."

Ndafika anayang'ana nsomba, anayang'ana alamu ake, anakanda m'mutu. Anati akhoza kubwerera kudamu. Anamwino anamufunsa kuti n'kutali bwanji, iye anati ola limodzi kupita, limodzi kubwera, ngati mwini wake sanachoke. Kwa munthu wina amenewo akanakhala maola awiri. Kwa Ndafika anali mawa.

Tinene zoona, chanzeru apa chinali kusiya. Mazira akanaonongeka, yaikazi ikanapuma miyezi ingapo, moyo ukanapitirira. Anamwino anaganizira zimenezo ndithu. Koma jakisoni uja anali womaliza m'kabotolo, nyengo yotentha inali kutha, ndipo sabata imeneyo anali ataona kufiira pachiuno cha amuna awo, kumene sikunkachoka akasindikiza ndi chala. Miyezi ingapo analibe. Komanso, tisabise, Anamwino anali munthu wosakonda kugonja pamaso pa mlamu. Maso awo anapita okha kuthanki ya pakona, kumene Mdala anali phee pansi, ndevu zokha zikugwedezeka.

"Ayi, alamu," anatero Ndafika motsitsa mawu. "Ameneyo ayi. Mukapha ameneyo mwapha achimwene."

"Ndani wanena zopha?"

A Pulambala anawauzapo kalekale kuti alipo oswetsa ena amene sapha yaimuna. Amaing'amba pang'ono, amadula kachigawo ka thumba limodzi, n'kuisoka. Iwo sanayesepo. Ankaseka kuti dzanja la pulambala limadziwa sipanala, za singano n'za ena. Koma Anamwino anasoka amayi osawerengeka m'chipinda chochirira, anasoka mitu ya zidakwa Loweruka lililonse, anasoka milomo ya ana ogwa panjinga. Analowa kuchipinda mwakachetechete, amuna awo ali m'tulo, n'kutenga kachitini kawo pamwamba pa kabati. Munali kampeni, singano yokhota, ulusi, magolovesi, ndi botolo la madzi amchere a diripi otsukira zilonda.

Mdala sanagwidwe mwaulemu. Anamenya madzi mpaka kunyowetsa khoma, ndipo munga wa chipsepse chake unamulasa Ndafika pachala. Anamugoneka chagada patebulo, pathaulo lonyowa, lina atamukulunga nalo kumutu kuti asaone kuwala. Anali wotalika ngati mkono wa munthu wamkulu, wolemera, woterera.

"Gwirani kumutu ndi kumchira. Akagwedezeka mpeni uli m'kati, matumbo aboola."

"Manja anga akunjenjemera, alamu."

"Anjenjemere muli chigwirire."

Anamwino anatenga kampeni kaja. Anacheka mzere waufupi, wotalika ngati chala, khungu n'kutseguka. Mdala anadzipinda kamodzi mwamphamvu, tebulo linasuntha, Ndafika anagonapo ndi chifuwa chonse. Anamwino anadikira, mpeni uli m'mwamba, mpaka nsomba inafatsa. Kenako analowetsa chala, anakankhira matumbo pambali, ndipo kumsana kwenikweni anaona chimene ankafuna: kathumba koyera ngati mkaka, ka manomano m'mbali, kodzaza bwino. Anadula chigawo chachikulu n'kuchiika pa kambale kouma.

Kachidutswako kanali ndi magazi. Ndafika, pofuna kuthandiza, anamasula dzanja limodzi, anatola kambaleko n'kukalozetsa kuchidebe kuti atsukuluze.

"Madzi... ayi."

Onse awiri anacheuka. A Pulambala anali ataima pakhomo, dzanja lamanzere litagwira felemu ya chitseko, lamanja likulendewera. Phokoso la tebulo liyenera kuti ndi limene linawadzutsa. Panalibe amene anawamva akubwera, ndipo panalibe amene ankadziwa kuti aima pamenepo nthawi yaitali bwanji.

"Madzi... apha," anatero. "Mchere."

Ankanena zoona. Umuna wa mlamba ukangokhudza madzi wamba umadzuka, ndipo pakatha mphindi imodzi umakhala watha ntchito. Uyenera kusungidwa m'madzi amchere mpaka utakumana ndi mazira. Anamwino analanda kambaleko, anapukuta magazi ndi thonje louma, anathira madzi a diripi pang'ono. Ankafuna kunena chinachake, kupepesa kapena kufotokoza, koma Mdala anali chitsegukire patebulo. Anatenga singano.

Anasoka mfundo zisanu ndi zitatu, zoyandikana, zofanana ngati za pamakina. Nthawi yonseyi ankamva maso a amuna awo ali pa manja awo. Atadula ulusi womaliza, anamunyamula Mdala n'kumutsitsira m'thanki ya madzi oyera. Anamira pang'onopang'ono, anakagona pansi chopendekera, kukamwa kokha kukutseguka ndi kutsekeka.

Panalibe nthawi yomuyang'anira. Anatenga yaikazi ija, anaipukuta kuti pasadonthe madzi, anaifinya kuchokera kuchifuwa kutsikira kumchira. Mazira anatuluka ngati phala, mbale n'kufika theka. Atangoona kadontho ka magazi anasiya. Anaphwanya kachidutswa kaja pa kansalu, madzi oyera ngati mkaka anagwera pamazira, anatakasa ndi nthenga, anathira madzi a mumgolo, anatakasanso akuwerenga chamumtima mpaka makumi asanu ndi limodzi. Kenako anamwaza mazirawo paneti m'mabeseni onse anayi, mopyapyala kuti asaunjikane, n'kutsegula timapaipi.

Atatembenuka, pakhomo panalibe munthu.

"Mwaona, alamu? Atithandiza okha," anatero Ndafika akuyamwa chala chake cholasidwa. "Sanakwiye."

Anamwino anafuna kukhulupirira zimenezo, ndipo madzulo amenewo anakhulupiriradi.

M'mawa mwake 6 koloko inakwana, a Pulambala sanadzuke. Anamwino anadziuza kuti n'zomveka, nsomba yosokedwa siidya tsiku lotsatira, ndiye adzukirenji. Anapita okha kuchipinda cha kuseri. Mdala anali pomwe paja, chopendekera. M'mabeseni mazira ena anali atayera, kusonyeza kuti afa, koma ambiri anali obiriwira, oonekera m'kati. Anakhala m'mawa wonse atawerama, akutola oyerawo ndi kachitsulo kozulira nsidze, chifukwa dzira lakufa limachita chuku, ndipo chuku chikayamba chimadya ndi amoyo omwe.

Cha m'ma 5 koloko madzulo neti inayamba kunyerenyetsa. Poyamba anayesa kuti ndi maso awo otopa. Atayandikira anaona timichira tating'ono ngati nsidze tikugwedezeka, tikudzimasula, tikudutsa m'mabowo a neti kugwera pansi pa beseni. Pofika nthawi yoyatsa magetsi tinali titaunjikana m'makona, tambirimbiri, kalikonse kali ndi kathumba kachikasu pamimba. Anachotsa maneti ndi zikhokhombe zake, anaphimba mabeseni ndi makatoni poti tiana ta mlamba timadana ndi kuwala. Kenako anatunga pang'ono m'tambula yagalasi n'kupita nayo kuchipinda.

"Bambo, taonani. Taswa."

A Pulambala anayang'ana tambulayo nthawi yaitali. Anagwedeza mutu kamodzi, n'kutembenukira kukhoma.

Pamenepo mantha anawagwira Anamwino zenizeni. Anaganiza kuti nkhani ndi Mdala. Amuna awo akuyesa kuti nsomba yawo ikufa, ndipo sakufuna kukaiona ikufa. Ikachira adzuka. Ikafa, ndiye kuti iwo, ndi dzanja lawo lomwe, adula chingwe chimodzi chokha chimene chinkawakoka amuna awo pabedi. Kuyambira pamenepo anamusamala Mdala kuposa wodwala aliyense amene anamusamalapo. Ankasintha madzi kawiri patsiku, ankathiramo mchere pang'ono, ankamuunika ndi tochi kuona ngati pabala patupa. Ndafika ankaimba foni kufunsa, iwo ankangoti akupuma.

Tsiku lachiwiri a Pulambala sanadzuke. Lachitatu anakana phala, anangomwa tiyi theka la kapu. Kufiira kwa pachiuno kuja kunakula. Anamwino ankayenda pakati pa zipinda ziwirizo, uku kutembenuza munthu, uku kukoka zinyalala pansi pa mabeseni ndi kapaipi, chala chili pakamwa pa paipi kuti tiana tisapite nawo. Timatumba tachikasu tija tinali kuchepa, tiana tikuda, tikuyamba kusambira m'mbali mwa beseni kufunafuna. Ntchito imene anaiyambitsa kuti idzutse amuna awo inali kuyenda bwino kwambiri, ndipo zimenezo zinkawapweteka mtima.

M'mawa wa tsiku lachinayi anapeza Mdala atawongoka. Anali kuzungulira thanki pang'onopang'ono, ndevu zili patsogolo. Anamwino anaponya kambulu kamodzi. Kanayandama. Mdala anakadutsa, anabwerera, anakwera, n'kukameza. Anaponya kachiwiri, anameza. Kachitatu, anamezanso. Mayi wa zaka makumi asanu ndi limodzi anathamanga m'kolido ngati mtsikana.

"Bambo, Mdala wadya. Timibulu titatu, ndaona ndi maso angawa. Bala lauma, palibe kutupa. Dzukani mukamuone."

A Pulambala anali maso, akuyang'ana kudenga. Pakamwa panagwedezeka kangapo mawu asanatuluke.

"Mwasoka... bwino."

"Ndiye dzukani. Akukudikirani."

"Mumayesa... ndi galu?"

Anamwino anakhala m'mphepete mwa bedi. "Sindikumva, bambo."

"Sindinkaweta... kuti akalambe." Anapuma, anameza malovu. "Anali... woyamba."

"Woyamba chiyani?"

A Pulambala anatambasula dzanja lamanzere, anagwira lamanja pamkono, analinyamula ngati katundu wa munthu wina n'kuliika pamwamba pa bulangeti, pakati pa iwo awiri. Zala zinali zopindikira m'kati, zowonda, zikhadabo zake zowengedwa bwino ndi Anamwino omwewo.

"Ili... likabwerera. Ndimung'ambe... ndekha."

Anamwino anayang'ana dzanjalo. Miyezi yonseyi ankayesa kuti amuna awo akudzukira chikondi cha nsomba. Chikhalirecho munthu ankapita m'mawa uliwonse kukaona ngati ntchito yake ikumudikirabe. Ankaidyetsa yaimunayo kuti ikhale yonenepa, yokonzeka, tsiku limene dzanja lidzagwirenso mpeni. Ndipo Anamwino anaitenga ntchito imeneyo masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mng'ono wa amuna awo, n'kuigwira ndi luso limene a Pulambala sanafikepo ngakhale ali bwino.

"Akadali ndi thumba lina," anatero Anamwino mofulumira. "Ndinangodula mbali imodzi. Lina lija ndi lanu, mudzadula nokha."

A Pulambala anatembenuza mutu n'kuwayang'ana m'maso, koyamba m'masiku anayi. Sanali okwiya, ndipo Anamwino akanakonda akanakwiya.

"Simunandifunse," anatero. "Inu... ndinu namwino. Munadziwa... kale. Silibwerera... eti?"

Anamwino anadziwa kuyambira mwezi wachiwiri. Dokotala anawauza panja pa wodi, ndipo iwo anali ataona kale okha. Kwa zaka makumi atatu ananamiza odwala ambiri mokoma mtima, mawu ake ankawadziwa pamtima: tiyeni tione, thupi limadabwitsa, musataye mtima. Anatsegula pakamwa kuti anene amodzi mwa amenewo. Koma uyu anali munthu amene anagona naye bedi limodzi zaka makumi anayi, ndipo anali kuwayang'ana. Anamwino anangogwira dzanja lopindikalo, limene silinkamva kuti lagwiridwa, misozi ikugwera pabulangeti.

A Pulambala anadikira pang'ono, kenako anagwedeza mutu ngati munthu amene wauzidwa mtengo wa chinthu chimene ankaudziwa kale.

"Tiana... tili ndi njala," anatero. "Lero... ndi tsiku lake. Dzira lowiritsa. Kachikasu kokha. Musefe... pakansalu. Pang'ono. Mukachulutsa... madzi aola."

"Bwerani mudzandionetse."

"Mutha," anatero a Pulambala. "Inu... mutha zonse."

Anakoka bulangeti ndi dzanja lamanzere n'kutembenukira kukhoma. Anamwino anapita kukhitchini kukatereka dzira, poti tiana tinali ndi njala ndithu. Anasefa kachikasu pakansalu, anadontheza pang'ono m'beseni lililonse monga anauzidwira, ndipo tinadya tonse. Anatidyetsa kasanu tsiku limenelo, kasanunso tsiku lotsatira, okha.